Yaulere Kapena Yogula

9 Febuluwale

Amake mwana,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha utuchi chomwe chimagwira aliyense pantchito pano. Amalume anu nawo ali bwino, akuti muuze mayi anu kuti mankhwala a maso aja awapeza.

Mwadandaula kuti pafoni sindilankhula zambiri. M'chipinda timagona anthu asanu, ndipo munthu ukangoti halo makutu onse amaima. N'chifukwa chake ndabwerera ku pepala.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa dalaivala wa basi uja. Mugulire mwana wathu wamkulu nsapato za kusukulu, zikhale zokulirapo, phazi lake silidikira munthu. Chitseko cha kuseri musachisiye choncho, muitane kalipentala.

Kuno kwachitika kanthu. Paja ntchito yanga ndi yonyamula matabwa kuchoka pa lole kukafika pa makina aakulu amene amayendetsa amalume anu. Makinawo amadula okha zitseko za makabati potsatira zimene kompyuta yawauza. Mwini fakitale ndi mkulu wodwaladwala, sabwerabwera. Wotiyang'anira ndi mwana wake. Timamutcha Paipi, chifukwa sayenda chimanjamanja, amakhala ndi chidutswa cha paipi yakuda ya madzi chotalika ngati mkono. Lachiwiri mnzathu wina anagwetsa thabwa n'kuthyola ngodya. Paipi anamukwapula m'khosi ndi kumsana mpaka munthu anathawira kuseri kwa tebulo la amalume. Pomulondola anakoka tebulolo, kompyuta yakale ija n'kugwa pansi, phwa. Mnzathuyo khutu lake likutulukabe madzi mpaka lero, koma chimene Paipi analira nacho maliro ndi kompyuta.

Anagula yatsopano tsiku lomwelo, koma pulogalamu ya makina ikukana kulowamo. Masiku atatu makina ali duu, ndipo munthu wa paipi akakhala wopanda chochita misana yathu ndi imene imadziwa. Ndiye amalume anu anangoti, “Bwana, mkamwini wanga uyu kwathu anali ndi kashopu kokonza makompyuta.” Ndinawaponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Mawa ndikuyamba kuiona.

Mundipsompsonere wamng'ono.

Ndine,
Bambo a ana anu


23 Febuluwale

Amake mwana,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndailandira, ndasangalala kumva kuti malungo a wamng'ono atha. Ine ndili bwino.

Funso lanu landiseketsa, loti kompyuta ingakhale bwanji m'mimba mwa inzake ngati ili ndi pakati. Ndifotokoze motere. Kompyuta iliyonse ili ndi chimene timati sisitimu, ndiye mwini nyumba amene amalamula zonse. Pulogalamu ya makina athu inazolowera mwini nyumba wakale, amene masiku ano sagulitsidwanso. Tsono pali mapulogalamu ena amene amamanga kachipinda mkati mwa kompyuta yatsopano, sisitimu yakale n'kumakhala m'menemo ngati wa lendi. Ntchito yanga inali yosankha kuti kachipindako timange ndi pulogalamu iti, chifukwa pali yaulere, palinso yogula.

Kunena zoona ine sindinafune zonsezi. Ndinati tingogawa disiki pakati, tiziyatsa sisitimu imodzi inayo itazima, kuti makina azilankhula ndi sisitimu yawo popanda wa pakati. Paipi anakana. Akuti zojambula za makasitomala zizifika pa intaneti makina akudula, sangamazimitse n'kuyatsanso ngati wailesi ya mabatire otha.

Loweruka masana anzathu ataweruka, ine ndi amalume tinachotsa mpeni m'makina n'kumawayendetsa opanda kanthu. Yaulere tinaiyesa maulendo makumi anayi. Katatu inataya chingwe chimene chimachoka pa kompyuta kupita ku makina. Zikatero makina amaima zii ngati amaliza, kenako pakapita kanthawi amadzidzimuka n'kupitiriza pamene analekera. Taganizani makina anu osokera ataima, inu n'kuika chala kuti mukonze ulusi, iwo n'kuyamba okha. Sindikunena kuti yaulereyo ndi yoipa, m'maofesi anthu amaigwiritsa ntchito bwinobwino, koma ndi nkhalamba ya makina yathuyi sizikumvana. Yogula tinaiyesa chimodzimodzi, sinataye chingwe ngakhale kamodzi.

Lolemba ndinakamuuza Paipi. Mtengo wake sufika ngakhale pa matayala awiri a galimoto yake, koma atangoumva anandigwira pakhosi n'kundikhomera kukhoma.

“Zaka ziwiri ukunyamula matabwa, lero wasanduka injiniya? Iwe udyapo zingati pamenepo?”

Ndinati sindidyapo kanthu, amalipira yekha pa intaneti. Anandisiya nditamuuza kuti yogulayo amalola kuiyesa masiku makumi atatu osalipira. Ndiye tayamba ndi imeneyo. Makina akuyenda bwino, amalume akuimba nyimbo pogwira ntchito. Mwina Paipi akaona ubwino wake mtima wake ufewa.

Achimwene anu akabweranso kudzabwereka njinga muwauze kuti ilibe mabuleki. Si bodza kwenikweni.

Ndine,
Bambo a ana anu


29 Malichi

Amake mwana,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani ndakhalitsa osalemba. Mukaona zilembo zapendama musadabwe, phewa la kumanja landivuta pang'ono, chinandigunda chinthu kuntchito.

Masiku makumi atatu aja anatha Lachitatu la sabata yatha. Ndinali nditamukumbutsa Paipi kanayi. M'mawa mwake pulogalamu inadzitseka, ikufuna laisensi, pomwe panja pali oda ya zitseko mazana awiri za hotela ina. Anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko ndi kiyi. Zimene zinachitika m'menemo sindilemba. Ndingoti ndinatuluka nditavomera, ndipo pofika masana yaulere ija ndinali nditaiika ndi manja angawa.

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Makinawa ali ndi mpanda wa waya, ndipo chitseko chake chili ndi swichi yoti munthu akatsegula magetsi amazima. Paipi anaimanga swichiyo ndi waya kalekale, akuti imachedwetsa ntchito. Pamene panali kompyuta yakale zinalibe kanthu, makina akaima ndiye kuti aima. Tsopano sizili choncho.

Ndawauza amalume kuti makina akaima asalowetse dzanja, ayambe adina batani lofiira. Anandiseka. “Mkamwini, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili ndi makinawa. Ndimadziwa akamapuma, ndimadziwa akamanama.” Vuto ndi lakuti ukadina batani lofiira thabwa limayambira poyamba ndipo nthawi zambiri limawonongeka, ndiye paipi ija imagwira ntchito. Sabata ino yokha adina kawiri, ndipo kachiwiriko anawamenya pa mkono pamaso pa tonse, munthu wa imvi.

Ndalemba uthenga pafoni kwa Paipi ndi kwa bambo ake, kufotokoza za chingwe ndi za swichi. Onse awiri auwerenga. Palibe wayankha.

Za zoti ndisiye ntchito ndibwere ndamva. Tidikire kaye oda iyi ithe. Wamkulu mumuuze kuti ndaona malikisi ake a masamu, ndayenda nawo fakitale yonse.

Ndine,
Bambo a ana anu


12 Epulo

Amake mwana,

Khalani pansi musanawerenge. Mayi anu musawauze muli nokha, muyambe mwaitana achemwali anu. Amalume ali moyo, ali m'chipatala, akulankhula ndipo akudya. Koma dzanja lawo lamanja palibe.

Zinachitika Lachinayi cha m'ma teni koloko. Lole ya ku hotela inali itafika kale, zitseko zisanakwane, ndipo Paipi anaima kumbuyo kwa amalume kuyambira m'mawa. Makina anaima pakati pa thabwa, kachidutswa katakola pafupi ndi mpeni. Amalume anatambasula dzanja kuti adine batani lofiira. Paipi anamenya paipi yake pa tebulo.

“Mukawononga thabwa limeneli mulidya. Chotsani kachidutswako, madala, mukudikira mvula?”

Ine ndinali ngati mapazi khumi kuchoka pamenepo, thabwa lili paphewa. Ndinaona pa sikirini kachizindikiro kosonyeza kuti chingwe chatayika. Ndinakuwa, koma m'fakitale muli phokoso la makina ena. Ndinaponya thabwa n'kuthamanga. Makina anadzuka ine nditatsala mapazi atatu, dzanja la amalume lili kale pa mpeni.

Sanalire, amake mwana. Anangokhala pansi mu utuchi n'kumayang'ana mkono wawo ngati ndi wa munthu wina. Magazi anafika pa sikirini ndi pa malaya a Paipi. Ndinavula lamba n'kumanga pamwamba pa chigongono, ndikukoka ndi mano. Mnzathu wa khutu uja anatola zala zinayi n'kuziika m'pepala la pulasitiki limene anabweretsera buledi.

Ndinati tiitane ambulansi. Paipi analanda foni ya amene anayamba kuimba n'kuiponda. Anati tiwatulutsire khomo la kuseri pa lole ya matabwa, ndipo kuchipatala tikanene kuti adzicheka ndi sowo kunyumba. Dalaivala wa loleyo atazengereza anamumenya chibakera pakamwa. Tinapita choncho, amalume atagona pa miyendo yanga, lole ikudumpha m'maenje.

Madokotala anayesetsa koma zala sizinatheke kubwezera, ndipo chikhatho chinali chitanyenyeka. Adula pa mfundo ya dzanja. Namwino atandifunsa kuti zachitikira kuti, ndinanena zoona.

Mankhwala a maso a mayi anu ali m'chikwama chawo, ndiwatumiza ndi dalaivala wa basi uja Loweruka.

Sindikugona bwino. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Ndine,
Bambo a ana anu


21 Epulo

Amake mwana,

Moni. Ndili bwino, amalume akupezako bwino, bala lauma mbali imodzi.

Musaimbe pa nambala yanga, foni inasweka. Lamulungu masana kunabwera anthu awiri kuchipinda kwathu. Anang'amba matiresi, anakhuthula zikwama, ndipo mnzanga wogona pafupi ndi khomo anamuthyola mphuno chifukwa chongofunsa kuti ndinu ndani. Ine anandigoneka pansi, wina n'kundiponda pakhosi ndi nsapato pomwe mnzake akufufuza. Chimene ankafuna sichinali m'chipindamo.

Pulogalamu yaulere ija imalemba yokha zonse zochitika, ola ndi mphindi, ndipo madzulo a tsiku langozi ndinakopera zonse pa fulashi pamodzi ndi mauthenga anga aja. Kuchipatala kunabwera mayi wina wa bungwe la anthu apantchito. Ndinganene zokhazo.

Paipi akuuza anthu kuti amalume anali ataledzera. Inu mukudziwa kuti chiwafereni akazi awo sanalawepo ngakhale dontho.

Makina sanayatsidwebe. Akuti Lolemba ndiyambe kuwayendetsa ine, popeza ndine injiniya. Utuchi wa pansi pake sanasese n'komwe.

Munthu wachilendo akabwera kudzafunsa za ine munene kuti simukundidziwa komwe ndili. Ana asamasewere kutali.

Ndine,
Bambo a ana anu


3 Juni

Amake mwana,

Ndikudziwa kuti mwakhala milungu isanu ndi umodzi osamva kalikonse, ndipo ndikudziwa kuti dalaivala wakuuzani zina. Ndili moyo. Ndikulemba ndili m'ndende, ndikudikira mlandu. Pepala ili wandipatsa ndi loya amene mayi wa bungwe uja anandipezera. Mano awiri a kutsogolo palibe ndipo nthiti zikupola, kwinaku ndili bwino.

Ndikuuzani mmene zinayendera, kuti musamve za m'maluwa.

Lolemba lija ndinafika n'kuima pafupi ndi makina osawakhudza. Paipi anabwera nati yatsa. Ndinati ndiyatsa akachotsa waya pa swichi ya chitseko ndi kugula pulogalamu ija, apo ayi andilole ndigawe disiki monga ndinanenera poyamba. Ndinalankhula mwaulemu, manja ali kumbuyo. Anthu onse anasiya ntchito n'kumaonerera.

“Fulashi ili kuti?”

“Ilibe ntchito kwa inu tsopano, bwana. Inapita kale.”

Paipi yoyamba inandipeza pakamwa. Ndinamva mano akugwera pa lilime. Yachiwiri ndi yachitatu m'nthiti. Ndinagwada, iye n'kundigwira tsitsi kundikokera ku makina. Anatsegula chitseko cha mpanda, anagwira dzanja langa lamanja n'kulikanikiza pa tebulo la makina pomwe panali pakadali banga lakuda la magazi a amalume. Ankati, “Uone mmene zimakhalira, injiniya.” Makina anali ozima, koma panthawiyo sindinakumbuke zimenezo.

Pambali panali chitsulo chopanira matabwa, chachitali ngati mwendo wa mpando. Ndinachigwira ndi lamanzere. Koyamba ndinamumenya pa mkono umene unandigwira, ndinamva fupa likuthyoka ngati nkhuni youma. Kachiwiri pa bondo, anagwa. Apa pakanathera. Anali pansi, paipi ili uko, akudzitchinga kumaso ndi dzanja limodzi ngati mwana. Ndinamuyang'ana, ndinaona bwinobwino kuti wathedwa, ndipo ndinamumenyanso kachitatu, pa chibwano.

Amene anandilanda chitsulo ndi mnzathu wa khutu uja. Palibe wina anasuntha, ngakhale kuti amuthandize. Ndinakhala pansi n'kudikira apolisi. Iwonso anandipatsako zawo m'galimoto, koma zimenezo ndi zazing'ono.

Paipi sanafe. Akuti nsagwada anazimanga ndi mawaya, akudya ndi kapaipi ka pulasitiki. Anzanga m'chipinda muno atamva zimenezo anaseka mpaka kugubuduka. Ine sindinathe kuseka. Zaka khumi ndi chimodzi tili pabanja simunandionepo nditakweza dzanja ngakhale kwa galu. Sindikudziwa kuti munthu uja anali kuti nthawi yonseyi.

Mwezi uno ndi wamawa sinditumiza kanthu. Njinga ija muigulitse, koma muuze wogulayo za mabuleki.

Ndine,
Bambo a ana anu


20 Ogasiti

Amake mwana,

Moni kwa inu ndi ana, ndi kwa mayi. Makalata anu awiri andifika pamodzi, otsegulidwa kale monga mwa lamulo la kuno. Ndawawerenga mpaka akutha m'mopindamo. Thupi lili bwino, nthiti zapola, ndaphunzira kutafunira kumbali.

Mlandu watha Lachisanu. Andipatsa miyezi khumi, kuwerengera imene ndakhala kale, ndipo ndikatuluka andikweza basi yobwerera kwathu, sindidzaloledwanso m'dziko lino. Loya akuti zikanakhala zaka, koma anthu asanu ndi awiri a ku fakitale anabwera kudzachitira umboni, kuphatikizapo dalaivala wa lole amene anaonetsa chipsera cha pamlomo. Woweruza anati mwa maulendo atatu amene ndinamumenya, awiri oyamba akuwamvetsa. Miyezi khumiyo ndi ya kachitatu kaja. Sindinatsutse.

Fulashi ija inagwira ntchito yake. Oyendera mafakitale anapeza waya pa swichi, anawerenga mauthenga anga, ndipo za kuledzera zija zinathera pomwepo. Mwini fakitale wavomera kuwalipira amalume chipukuta misozi, ndipo Paipi naye ali ndi mlandu wake umene sunayambe. Ndamva kuti sabata yomwe ndinamangidwa mwini fakitaleyo anadzuka pa bedi, anabwera ndi katswiri wa kampani ina, n'kugula pulogalamu yomwe ija. Akuti kulipira ndi kuiika sizinathe ngakhale theka la ola. Makina akudula zitseko mpaka pano.

Amalume anabwera kudzandiona dzulo. Aonda, mkono wa jekete anaupinda n'kuumanga ndi pini. Tinakhala moyang'anizana, pakati pali waya. Ndinali nditakonza mawu ambiri koma anatuluka ochepa.

“Malume, pulogalamu ija ndinaika ndine. Ndinkadziwa chimene imachita.”

“Ndinali pomwepo, mkamwini. Ndinachotsa mpeni ndine tsiku loyesa lija. Ndiponso amene anakuloza kwa bwana ndine. Tikayamba kugawana mlanduwu tifika mawa.”

Kenako anandifunsa kuti ndinamumenya kangati. Ndinati katatu.

“Ziwirizo ndalandira,” anatero. “Chachitatucho usanene kuti unandimenyera ine. Chimenecho ndi chako, upite nacho kwanu ukachione bwino.”

Ndiye wamkulu akafunsanso musamunamizenso kuti ndili ku kosi ya ntchito. Wakula, ndipo akamva kwa ana a dalaivala zidzamupweteka koposa. Mumuuze kuti bambo ake anakana kuyatsa makina oipa, ndiponso kuti anamenya munthu amene anali atagwa kale. Zonse ziwiri, musasiyeko chimodzi. Zotsalazo ndidzamuuza ndekha mu Febuluwale.

Amalume akunyamuka Lachitatu, afika Lachisanu masana. Mukawachingamire inuyo ndi achemwali anu, musatenge gulu, ndipo mayi adikire kunyumba chifukwa akalira pa depoti amalume achita manyazi. Chikwama musawalande, akufuna kunyamula okha. Akhala akuyeserera kupereka moni ndi lamanzere, ndipo akuopa kuti anthu kwathu aziti ndi mwano. Akatambasula, mulilandire ndi manja awiri.

Ndine,
Bambo a ana anu